Maliro a André sakutha

Pali anthu ouma maso pa maliro a achibale awo, koma ungotchula André Grandier, misozi mbwee. Mnyamatayu ndi wa m'katuni ya ku Japan, The Rose of Versailles, yomwe inayamba kuonetsedwa mu 1979 kuchokera m'nthano ya zithunzi ya Riyoko Ikeda. Si mwini filimu ayi. Ndi mdzukulu chabe wa gogo amene analera Oscar, msilikali wamkazi wolondera mfumukazi Marie Antoinette.

Mavuto ake ngati a Yobu. Anakonda Oscar zaka zambirimbiri chamumtima, mwiniwakeyo maso ali pa mwamuna wina dzina lake Fersen, Fersen naye mtima uli kwa mfumukazi. Diso lamanzere la André linafa, lamanja nalo n'kuyamba kuchita chidima, iye n'kumabisa. Oscar atalola tsopano, tsiku lotsatira lomwelo, chipolopolo chinamupeza André pa 13 Julayi 1789. Mawa lake ndiye ndende ya Bastille inagwa! Zoona mlembi kum'mana munthu tsiku limodzi lokha?

Okonda André amati Ikeda ndi wouma mtima. Komabe katuniyo amaibwereza chaka ndi chaka, ati mwina ulendo uno wowomberayo aphonya.