Fisi ndi Fupa la Mfumu

Padangotero. Mfumu Mkango inalengeza kuti mwezi ukaoneka isankha nduna yogawa nyama pabwalo. Fisi atamva, malovu anadzadza m'kamwa. Ankadziwa kuti wogawa nyama sagona ndi njala, ndipo chiwindi chimayamba chadutsa m'manja mwake.

Kuyambira tsikulo Fisi anasamukira kubwalo. Tambala asanalire, iye anali atasesa kale pakhomo pa mfumu. Mfumu ikatuluka ankagwada, n'kuwomba m'manja, n'kumailondola miyendo yakumbuyo ataipinda. Ikatsokomola, iye ankati, "Pepani, Gogo Chalo, yalakwa ndi mphepo." Ikanena nthabwala, ngakhale yosakoma, Fisi ankaseka mpaka kugubuduka m'fumbi.

Tsiku lina mfumu itadya mbawala inataya fupa loyera mbee. Fisi analiwakha lisanagwe pansi.

"Gogo Chalo, fupa limene mano anu akhudza limakoma kuposa chiwindi! Ena azidya mnofu, ine kwanga n'kumeneku."

Mkango anamuyang'ana ndi diso limodzi, osayankha.

Patapita masiku, mfumu inaponda munga wa mthethe pochokera kosaka. Phazi linatupa, ndipo inayamba kutsimphina. Fisi anafuula kuti onse amve:

"Taonani mayendedwe a ufumu! Woyenda chothamanga ndi kapolo. Mwini dziko amaponda mwendo umodzi mosamala kuti nthaka isang'ambike."

Atatero nayenso anayamba kutsimphina. Nkhandwe ataona anaopa kutsalira, nayenso n'kuyamba. Nguluwe anatsatira, kenako Njati. Posakhalitsa bwalo lonse linkatsimphina, koma usiku wobuula anali mmodzi.

Kamba anafika mochedwa kuchokera kudambo. Atapereka moni anakhala phee, n'kumanunkhiza.

"Mfumu, ine ndine wamfupi, maso anga ali pafupi ndi mapazi anu. M'phazimu muli munga, ndipo bala lanunkha. Mukachedwa mutaya mwendo."

Bwalo lonse linangoti zii.

"Mwano!" anatero Fisi. "Limenelo ndi fungo la ufumu. Ine ndikalinunkhiza ndimakhuta!"

Mkango anabangula, Kamba n'kubweza mutu m'chigoba. Koma usiku umenewo ululu utafika m'chiuno, mfumu inaitana Pusi wa zala zazitali. Pusi anazula munga, mafinya anatuluka, ndipo mfumu inagona tulo koyamba.

Mwezi utaoneka, nyama zonse zinasonkhana. Fisi anakhala kutsogolo, ubweya atapesa.

"Wakutsina khutu ndi mnansi," inatero mfumu. "Kamba, mawu ako anandiwawa, koma ndikuyenda ndi miyendo inayi. Mpeni wogawira nyama ndi uwu."

Kenako inatembenukira kwa Fisi ndi nkhope yachifundo.

"Iwe sindingakuiwale, mwana wanga. Palibe wanditumikira ngati iwe, choncho ndikupatsa zimene mtima wako umakonda. Unati fupa langa limakoma kuposa chiwindi. Kuyambira lero mafupa anga onse ndi ako, ndipo Kamba asadzakuvutitse ndi mnofu. Unatinso fungo lija limakukhutitsa. Chilichonse chonunkha m'dziko langa ndachipereka kwa iwe."

Fisi anatsegula pakamwa, mawu osatuluka.

"Wakhala chete bwanji?" inafunsa mfumu, ikunola zikhadabo pamwala. "Kapena masiku onsewa unkandinamiza? Undiuze, chifukwa wonamiza mfumu mlandu wake ukuudziwa."

Fisi anayang'ana zikhadabozo, n'kuyang'ana fupa. Akanati ankanama, mutu ukanadulidwa pomwepo. Akanati ankanena zoona, chiwindi sakanachionanso.

"Ndinkanena zoona zokhazokha, Gogo Chalo. Mwandilemekeza kwambiri."

Anawomba m'manja, n'kuseka monga mwa masiku onse, koma ulendo uno misozi ili m'maso.

Pochoka anayesa kuwongola miyendo yakumbuyo, koma inali itazolowera kugwada, ndipo inakana. N'chifukwa chake mpaka lero Fisi amayenda msana wotsetsereka, amadikira kuti Mkango akhute, ndipo amaseka usiku popanda womuuza nthabwala. Ana ake akamufunsa chifukwa chimene kwawo amadyera mafupa, amayamba wayang'ana uku ndi uku, kenako n'kuyankha mokweza kuti mafupa ndiwo okoma.