Galimoto Yaulemu Kuposa Mwini Wake

Kuchokera pa Mpingu mpaka ku Nambuma, munthu akagulitsa bwino soya kapena fodya ku Kanengo, maso ake amagwera pa zigalimoto zimene zidatopetsa mabwana a m'tauni: Range Rover ija idatuluka mu 1994, Discovery yachiwiri ya 1998, kapena Prado ya pakati pa 2002 ndi 2009. Range Rover imeneyi ilibe masipuling'i achitsulo. Imakhalira matumba a mphira odzaza mpweya pa mawilo onse anayi, pomwe ma Discovery ndi ma Prado ena ali nawo kumbuyo kokha. Ukadina batani, galimoto imakwera kapena kutsika. Ikakalamba imatsika yokha osadina kanthu. Mayina a eni ake ndabisa, poti timakumana m'maliro.

*

Mnyamata wina wolemera ndi geni ya mtedza adapita kwa a gulupu cha ku Kabudula kukapempha malo omangapo golosale. Adalowa pabwalo chipewa chili kumutu, manja ali m'thumba. Atangozimitsa injini, Range Rover idangoti fwiii, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka matayala kubisala. Nduna idaomba m'manja.

"Wawa mfumu, mwaona? Galimotoyi idaleredwa bwino. Yagwada."

"Ndaona," adatero a gulupu. "Malowo ndipereka kwa galimotoyo. Mwini wakeyu ayambe wapita kumene idaphunzira iyoyo."

Nthawi yobwerera itakwana, galimoto idakana kudzuka. Dzuwa lidapendeka mnyamata ali thukuta kamukamu, akudina mabatani. Mfumu idatuma mwana: "Pita ukaiuze kuti ulemu wakwana."

*

Ku Nsaru kudali bambo wina amene Discovery yake inkagona yowongoka madzulo, koma m'mawa n'kupezeka yapendekera kumanzere, mbali ya nyumba ya mlamu wake. Tsiku ndi tsiku chimodzimodzi. Bamboyo adatsimikiza kuti mlamuyo amaikwera usiku. Sing'anga adatchula mbuzi. Mbuziyo isanachoke pakhomo, mwana wa mlongo wake, amene adaphunzirako umakaniko, adafika ndi botolo la madzi, kachidutswa ka sopo ndi tepi yobwereka kwa telala.

Madzulo adaliza galimoto mpaka idakwera bwinobwino, kenaka adamasula waya wa batire kuti kompyuta yake isaiwongole yokha usiku n'kubisa mbali yolakwa. Adayeza kuchokera pakati pa wilo kufika pa bodi, uku ndi uku, n'kulemba pa chikatoni. M'mawa kumanja kudali pomwepo, kumanzere kutatsika. Adailizanso, n'kuwaza madzi a sopo pa thumba la kumanzere, penipeni pamene limapindika, paja pamabisala fumbi ndi mchenga n'kumalipala mpaka kung'aluka timing'alu tosaoneka ndi maso. Thovu lidayamba kutumphuka.

"Amalume, bwerani mudzaone mfiti yanu. Ikupuma."

Mlamu uja adali akumvetsera kuseri kwa mpanda. Adatulukira akutsokomola.

"Alamu, kutchula munthu mfiti ndi mlandu, lamulo lake lidakhazikitsidwa mu 1911. Koma ndife pachibale, ku khoti n'kutali. Mbuzi ija mudakonzera sing'anga ingolowa m'khola mwanga."

Wa sopo uja adalandira Fanta.

*

Thumba lobooka silifa lokha, limapita ndi kompuresa. Kompuresayo idapangidwa kuti izipopa pang'ono n'kupuma. Mpweya ukamathawa imangolira osaleka, imatentha, kamphira ka m'kati n'kutha. Venda wina wa pa Msundwe adasintha kompuresa kawiri, thumba osalikhudza. Ulendo wachitatu wogulitsa zipangizo ku Lilongwe adamulandira ndi mpando.

"Bwana, mwabweranso! Thumba lija mudasintha?"

"Ayi, n'lodula."

"Musasinthe, bwana. Mwana wanga ali Fomu 3, wangotsala ndi chaka chimodzi."

*

Nkhani iyi idachitika pa Namitete, m'mphepete mwa msewu wa ku Mchinji, m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Range Rover idatsika pamene mwini wake adaima kugula nyama yowotcha, ndipo sidafune kukweranso. Adaitana makaniko. Makaniko adayamba ndi fyuzi, ili bwino. Adasinthanitsa ma relay, palibe. Adaika khutu pa kompuresa, adagogoda bokosi la ma valavu ndi sipanala, adapempha ndalama ya chakudya chamasana, adadya, adabwerera, adagogodanso. Nthawi yonseyi mayi wa kunyumba adali chikhalire kumpando wakumbuyo, chitseko chili pululu, akudzikupiza ndi chitenje.

Zimene makaniko sadadziwe n'zakuti galimoto imeneyi siisintha msinkhu chitseko chili chotsekula. Adaipanga dala choncho, kuopa kupana munthu kapena kukhulitsa chitseko pansi.

Mayi atatopa adati, "Ine ndikukwera minibasi," n'kutsika, n'kumenyetsa chitseko. Injini idali ikulira. Galimoto idayamba kunyamuka, kumbuyo kenaka kutsogolo, mpaka idaima chilili.

Makaniko adapukuta manja msangamsanga. "Mwaona, bwana? Ntchito yamanja anga."

"Abambo," adatero mayi aja, "ndalamayo mupereke kuno. Ndipo kuyambira lero ndikamamenyetsa zitseko kunyumba musamandifunse. Ndimakhala ndikukonza zinthu."

*

Kompyuta ya Range Rover ikaona kuti zavuta, imaigwetsa pansi n'kulemba pa dashibodi kuti usapitirire mamailosi 35 pa ola. Mkulu wina adawerenga uthengawo ali pa msewu wafumbi wolowera ku Nambuma, mvula itagwa usiku wonse, ngolo ikumupitirira.

"Iwe, ukundinyoza? Pa msewu uno adafikapo 35 ndani?"

*

Land Cruiser ija idayamba mu 1998, imene amati 100, ili ndi mtundu wina wokwera ndi kutsika, koma iyo siyendera matumba a mpweya. Ili ndi pampu yokankha mafuta apadera m'mapaipi, ndi mipira yachitsulo inayi yokhala ndi mpweya wa nitrogen m'kati, yomwe imameza mabampu. Mipirayo ikatha mphamvu, galimoto imauma gwa, kabampu kalikonse kamakafika m'mano. Odziwa amaitsitsa pansi, n'kuikweza mpaka pamwamba, n'kuwerenga mizere imene mafuta atsika m'kathanki kake. Mizere ikachepa, mipira yatha.

Mwini wa ina cha ku Mpingu adaona mafuta achepa, n'kutuma mnyamata wake wantchito. Mnyamatayo adathiramo mafuta a mabuleki, amene amadya mphira za m'katimo.

"Iwe, wathiramo chiyani?"

"Mafuta, bwana. Adalipo ndi ophikira, koma ndidaona kuti awa ndiye a galimoto."

Patapita masabata angapo adanyamula agogo ake kupita nawo ku chipatala cha St Gabriel's, akudandaula bondo. Galimoto inkangodumpha ngati chule. Asanafike n'komwe pa tala, agogo adagwira phewa la mdzukulu wawo.

"Mdzukulu wanga, ndikakafika ndikanene chiyani kwa adokotala? Ndidanyamuka ndi bondo. Tsopano ndi msana, khosi, ndipo dzino limodzi sindikuliona."

Pobwerera adakwera ngolo, mwa kufuna kwawo.

*

Pafupi ndi wilo pamakhala sensa yokhala ndi kamkono kopyapyala, imene imauza kompyuta kuti bodi ili pamwamba kapena pansi. Mlimi wina adalowetsa Prado m'munda kukatenga matumba a soya, ikudumpha mizere, chitsa n'kuthyola kamkonoko. Sensa idatsala ikunena kuti galimoto ili pansi. Kompyuta idakhulupirira, n'kupopa, n'kupopabe, mpaka mbuyo idaloza kumwamba, mphuno ikununkhiza dothi. Adadutsa nayo choncho pa msika wa Nsaru, ana akuthamangira pambuyo.

Makaniko asanalowe pansi adayamba watsamiritsa chasisi pa zitsa ziwiri zamphamvu. Mlimi adaseka. "Amisiri, mukuopa chiyani? Taonani mpata wonsewu."

"Achimwene, galimoto iyi imamvera mabodza. Wina akainong'oneza kuti yakwera kwambiri, ikhala pansi ine ndili pomwepo."

Adalumikiza kamkonoko ndi sipoko ya njinga, n'kuchenjeza kuti n'zongofikira kunyumba. Ndikumva kuti sipokoyo yakolola kale soya kawiri.

*

Pali nzeru ina yomwe eni galimotozi amaidziwa m'maiko ambiri: kumangirira valavu ya tayala pa paipi ya thumba lililonse, kuti kompuresa ikafa uzipopa pamanja. Mkulu wina adachita zomwezo, koma pampu osagula. M'mawa uliwonse amafika chokwawa pa siteji ya kabaza pa Mpingu, n'kutsitsa galasi.

"Aise, tabwera ndi pampu."

Mnyamata adapopa wilo loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi, malaya ali chonyowa. Mkulu uja adatulutsa ndalama yopopetsera tayala limodzi la njinga.

"Madala, musandiseweretse. Pa njinga ndimanyamula munthu mmodzi. Apa ndanyamula inu, amayi, ana atatu, ndi galimoto yomwe. Tiwerengere pamutu."

*

Ambiri mapeto ake amachotsa matumba n'kuikamo masipuling'i achitsulo. Kunena zoona, kwa munthu amene sopo ndi tepi zimamulaka, palibenso njira ina, ngakhale kuti galimotoyo imataya kufewa kumene adaigulira. Chovuta n'chakuti kompyuta imatsala ikufunafuna matumba ake, pokhapokha wodziwa aiuze kuti adapita. Bwana wina atalandira galimoto yake ku galaja adaloza pa dashibodi.

"Amisiri, nanga nyali ikuyakayi?"

Makaniko adalowa, adawerama pang'ono, adatuluka. "Yazima, bwana."

Bwana adasuzumira n'kupeza kachidutswa ka tepi yakuda. Asanayankhule, galimoto idayamba kulira: pii, pii, pii.

"Nanga phokosoli?"

"Limenelo ndiye losavuta, bwana. Wailesi yanu imagwira?"