Nyumba ya abwana yapendekera

Okondedwa Malume,

Ine kuno ku Boksburg ndili bwino, kungoti chisanu chandisweratu milomo. Ndalama ya feteleza ndatumiza kale, chonde isakhotere kwa amayi a kachasu aja.

Munafunsa kuti kodi abwana anga ndi olemeradi. Malume, munthuyu ali ndi nyumba ya matayala. Ndi galimoto yoposa minibasi, mkati mwake muli bedi, filiji, mbaula ya gasi, ngakhale chimbudzi. Amaitcha motorhome. Chaka chonse imangogona pabwalo, n'kudzuka pa tchuthi cha Khirisimasi kupita ku Kruger. Kumeneko amakalipira ndalama kuti aone njovu, zomwezo inu mumachezera kuthamangitsa m'munda ndi zitini kufupi ndi Liwonde.

Tsono sabata yatha tinadzuka n'kupeza nyumbayo itapendekera kumanzere ngati bambo wochokera kumowa wamasese. Adona atalowamo, makapu onse anali atasonkhana pakona imodzi ya tebulo.

Kunsi kwa galimotoyo, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, kuli matumba awiri akuda a labala wokhuthala, wolukidwa ndi ulusi mkati. Kompresa imawapopera mpweya, iwo n'kumathandiza masipulingi kusenza nyumba yonseyo. Limodzi linali litafwefwera. Abwana anakana kwamtuwagalu kuti latha. Ati galimoto siinayende n'komwe, litha bwanji? Makaniko, mnyamata wa ku Zimbabwe wosakonda zolankhulalankhula, anangoti labala sawerenga makilomita, amawerenga zaka. Kutentha, fumbi ndi mpweya wouma wa kuno zimamuumitsa, ndipo galimoto ikamangokhala malo amodzi thumba limapindika pamalo omwewo mpaka kuchita ming'alu. Ati zikakwana zaka 10 uyambe kuwayang'ana ndi diso lokayikira. Atapukuta matope, tinaona kuti athuwa anapangidwa mu 2011.

Abwana anapitirizabe kutsutsa. Ndiye ndinatumidwa kukhitchini kukasungunula sopo wotsukira mbale m'botolo. Ukatswiri wa ku Joni umenewo, Malume. Makaniko anawaza madziwo pathumba, pamapaipi ndi pavalavu, kompresa ikulira. Pamapaipi zii. Koma pomwe labala amapindikira panatuluka thovu loti mayi angachapire matewera. Abwana anavula magalasi, n'kuvalanso, osanena kanthu.

Kenako mkangano wa ndalama. Iwo amafuna agule limodzi lokha, poti linalo likadali chilili. Makaniko anapukusa mutu. Awiriwo anaikidwa tsiku limodzi, amwa fumbi limodzi, ndipo latsopano likagwirizana ndi lokalamba galimoto siiima mowongoka. Komanso thumba lodontha limagwiritsa kompresa ntchito usana ndi usiku mpaka kupsa, pamenepo ndiye mugula zitatu. Apa abwana anatulutsa khadi yakubanki nkhope ili gwaa, ndipo ine ndinadziwiratu kuti nkhani yokweza malipiro anga ndidikire nayo kaye.

Chimodzi ndinamulemekeza nacho mnyamatayo. Ine ndimati ndingokwawira pansi ndi sipanala, iye anandikoka mwendo. Anayamba wakweza ndi jeke, n'kuchirikiza ndi zitsulo, kenako n'kutulutsa mpweya wonse. Ati nyumba yoimira mpweya ikaphulikira munthu ali pansi, kwanu kumapita bokosi. Pomaliza anauza abwana kuti asamasiye matumbawo opanda mpweya, aziwatsuka matope, ndipo galimotoyo aziyendetsako apo ndi apo. Ndiye Loweruka timazungulira nayo mpaka ku Benoni popanda chokagula, ine nditakhala pabedi kumbuyo ngati mwini wake.

Musaganize kuti izi n'zaazungu zokha. Mabasi aakulu timakwera kuchokera ku Park Station, kudzera pa Beitbridge ndi Tete mpaka ku Mwanza, ambiri amayendera matumba omwewa. Choncho mukamalemba mndandanda wa filiji, matiresi, njinga ndi solala kuti ndibwere nazo, muziwamverako chisoni.

Ndikudziwa mufunsa za matumba akalewo kuti mudule malegeni omangira makala panjinga. Iwalani. Labala wake ndi wouma, sakutamuka, ndipo pa Mwanza angandifunse msonkho wa zinyalala. Ndikupezerani chubu.

Mupereke moni kwa agogo, muwauze bulangete lawo ndagula.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Joni