Kamwedwe ka Tomato ndi Vodka m'Dera la Mfumu Kaduya

Chakumwa chotchedwa Bloody Mary ndi madzi a tomato wosaphika osakaniza ndi vodka, mandimu, mchere ndi tsabola, ndipo mbiri yake imatchula Fernand Petiot, yemwe ankagwira ntchito pa Harry's New York Bar ku Paris m'zaka za m'ma 1920. Eni ake amachimwa pa brunch, chakudya cha anthu amene adzuka kadzutsa atawapitirira koma nkhomaliro isanapse. M'dera la Mfumu Kaduya ku Phalombe, boma lomwe linapatuka ku Mulanje mu 1998, chakumwachi chimafika ndi akamwini obwera kutchuthi kuchokera ku Johannesburg, omwe nthawi zambiri amanyamula nzeru zochuluka kuposa katundu.

Pokonza, mkamwini amatuma mwana kumsika wa Migowi kukagula mulu wa tomato wakupsa kwambiri, namulangiza kuti asaiwale basela, ndipo popeza makina opera zipatso amalira magetsi, tomatoyo amasinjidwa m'kamtondo ka nsinjiro n'kusefedwa ndi sefa wa tiyi. Kenaka amathiramo Malawi Vodka, kufinyiramo ndimu, ndi kutswanyiramo kambuzi m'malo mwa Tabasco, ndipo pomwe akunja amaimika phesi la celery m'tambula, iye amaimikamo therere lobala.

Apa m'pomwe akatswiri apakhomo amagawikana pawiri. Gulu loyamba, lotsogoleredwa ndi apongozi aakazi, limaphunzitsa kuti chilichonse chokhala ndi tomato, mchere ndi tsabola ndi ndiwo, ndipo popeza mwambo suwalola kufunsa mkamwini maso ndi maso, funso limadzera mwa mwana wawo: "Iwe, tawafunsa amuna akowo ngati ndiwo akumwazo tiziphikire nsima." Gulu lachiwiri ndi la alamu, omwe amafika atagwira mutu chifukwa cha matsire, kutanthauza chilango chimene kachasu wa dzulo amapereka m'mawa, ndipo iwowa amachiika chakumwachi m'gulu la mankhwala, ngakhale kuti akalawa amadandaula mwaulemu kuti, "Alamu, tomatoyu wachuluka, tawonjezani zoyerazo."

Phindu lenileni la chakumwachi lili pa ulemu, pakuti bambo amene wapezeka ndi kachasu dzuwa lisanafike pamutu amatchedwa chidakwa, pomwe amene wagwira tambula yofiira pa nthawi yomweyo amaonedwa ngati munthu wosamala thanzi, moti ngakhale mkulu wa mpingo akamadutsa pa njinga amamupatsa moni wathunthu.

Mtengo wa ulemuwu umadziwika pa nkhomaliro, pamene matemba a ku Chilwa amafika pa mphasa ali otuwa, ophikidwa ndi madzi ndi mchere wokha, ndipo mkamwini amene anamwa mulu wonse m'mawa ndiye amakhala woyamba kunong'oneza mkazi wake kuti anthu a kumudzi sadziwa kufunika kwa tomato mu ndiwo.