Mlandu wa makwerero osasuntha

Malonda a futures ndi pangano logula kapena kugulitsa katundu pa mtengo wogwirizana lero, katunduyo n'kudzaperekedwa mtsogolo. Zili ngati kugulitsa chimanga chikadali m'munda, kungoti a ku Chicago amachita zimenezi atakhuta. Mlembi wa danga lino nkhaniyi amaidziwa bwino mbali ya kumunda yokha.

Pa msika wa Chicago Board of Trade, womwe udakhazikitsidwa mu 1848, amalonda ankagulana mokuwa ndi molozerana zala m'bwalo. Makompyuta atalanda ntchitoyo, kukuwa kudachepa koma padabuka vuto lina. Pa sikirini, mtengo wabwino unkaonekera pamalo amodzimodzi, manambala okha ndiwo ankasinthasintha. Munthu waona mtengo womukomera, wasendeza mausi, pomwe chala chikutsika nambala ija yasintha kale, ndipo wagula pa mtengo womwe sadaufune.

Kampani ya Trading Technologies, mwachidule TT, idabwera ndi pulogalamu yotchedwa MD Trader. Mitengo adaindandalika chotsika ngati makwerero, n'kuiimika chilili. Ofuna kugula amaoneka mbali ina, ogulitsa mbali inayo, ndipo iwowo ndiwo amakwera ndi kutsika. Kudina kamodzi pafupi ndi mtengo, oda yapita. Mu 2004 boma la America lidapereka mapatenti awiri pa lusoli, kutanthauza kuti wofuna kuligwiritsa ntchito ayambe wapempha ndi kulipira. Mmodzi mwa olembedwa kuti adatulukira lusolo ndi Harris Brumfield, yemwe adachitapo malonda m'bwalo lokuwa lija asanakhale mkulu wa kampaniyo. Mlembi wa danga lino naye adatulukira njira yogwiritsa batire ya foni ndi mphira, koma anansi ake akhala akuikopera osalipira ngakhale tambala.

Chakumapeto kwa 2004, TT idalembera kalata makampani onse a malondawa. Idapempha kuti misika inayi ikuluikulu izilipira masenti 2.5 pa mbali iliyonse ya pangano lililonse, ndipo milandu ya mapatentiwo ithere pomwepo. Masenti awiri ndi theka ndi ndalama yomwe ngakhale mlembi uyu sangawerame kutola, ngakhale pakati pa mwezi angaganizepo kawiri. Koma mapangano a pa misikayo ndi mamiliyoni ochuluka pa chaka, ndipo eni misika masamu amawatha. Sadavomere.

Mlandu wotchuka udali wa eSpeed, kampani yachibale ndi Cantor Fitzgerald, yomwe TT idaisumira mu 2004. Apa mpomwe nkhaniyo idakoma. A eSpeed adasintha pulogalamu yawo kuti makwerero aja azidzisuntha okha msika ukathawira m'mwamba kapena pansi. Maloya odula, ovala masuti, adakangana zaka ndithu pa funso limodzi: makwerero akasuntha, wawasuntha ndani? Woweruza adagamula kuti patenti ikuteteza makwerero omwe sasuntha pokhapokha mwini wake atawasuntha. Odzisuntha okha alibe mlandu. Motero eSpeed idapezeka yolakwa pa pulogalamu yakale yokha, yomwe idagwira ntchito miyezi yowerengeka. Mu 2007 anthu wamba omva mlanduwo adalamula chipukutamisozi cha madola 3.5 miliyoni, woweruza n'kuchitsitsa kufika pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo khoti la apilo lidagwirizana nazo mu 2010.

Chaka chomwecho TT idasumira makampani ena ambirimbiri. Osumiridwawo ankati kundandalika mitengo si luso, ndi ganizo wamba lomwe aliyense wa choko ndi bolodi angalipeze. Mu 2014 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa Alice ndi CLS Bank, lidati ganizo wamba silisanduka patenti chifukwa choti munthu waliika mu kompyuta. Adani a TT adaona ngati kwacha. Komatu mu 2015 kampani ya CQG idalamulidwa kulipira pafupifupi madola 16 miliyoni, ndipo mu 2017 khoti la apilo lidati mapatenti awiri oyamba aja ndi luso lenileni lothetsa vuto la pa sikirini. Mu 2019 khoti lomwelo lidagwetsa mapatenti ena a TT, ati amenewo ndi ganizo wamba. Kusiyana kwake mlembi uyu adakuwerenga mpaka mutu kuwawa, ndipo akukhulupirira kuti oweruzawo akukumvetsa.

Mlandu wa Interactive Brokers, imodzi mwa makampani osumiridwa mu 2010 aja, ndiwo udakhalitsa zedi. TT inkafuna madola mamiliyoni mazanamazana, koma mu 2021 idapatsidwa pafupifupi 6.6 miliyoni basi. Brumfield, yemwe adalowa m'malo mwa TT pa mlanduwo, adachita apilo kuti ndalamazo zikwere, ndipo mu 2024, patatha zaka 14 chisumire, khoti lidakana kuonjezerapo ngakhale senti imodzi.