Gaba sachoka pakamwa m'minda ya tiyi

Mukafuna kumva zomwe zili m'kamwam'kamwa ku Thyolo, kaimeni pamzere wa kusikelo masana, pomwe othyola tiyi amadikira kapitawo kuti ayeze masamba. Sabata ino dzina lomwe lavuta, kuyambira ku Satemwa mpaka ku Naming'omba, ndi la Gabadinho Mhango.

Adayambitsa ndi mnyamata wina wa foni yosweka galasi, yokulunga m'kajumbo ka shuga kuopa mvula. Adatsitsa dengu, n'kuonetsa anzake chigoli chija cha pa 25 January 2022 ku Yaoundé, pomwe Flames idakumana ndi Morocco. Mitu isanu ndi iwiri idaunjikana pa kagalasi kamodzi, ena malaya akudontha madzi. Mpira utamupitirira goloboyi Bounou, onse adakuwa ngati zachitika lero, ndipo kapitawo yemwe adabwera kudzawabalalitsa adapempha kuti amubwezere kumbuyo.

Chosangalatsa n'chakuti mtunda wa chigolicho ukukula tsiku ndi tsiku. Ku Conforzi akuti adachotsa mpira pakati penipeni pa bwalo. Anyamata a kabaza ku Luchenza akulumbira kuti adali pafupi ndi golo lake lomwe. Choona chake ndi mayadi pafupifupi 40, pa mphindi ya 7, ndipo tidagonja 2-1. Za kugonjazo palibe amene akuzikumbuka.

Pa bawo pa Boma nkhani yatentha mwa mtundu wina. Mlonda wina wachikulire akuti mwanayu ndi wosakhazikika, ndipo akuwerenga ndi zala: adachoka ku Bullets mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic, kenako Golden Arrows, Bidvest Wits, Orlando Pirates, AmaZulu, Moroka Swallows, Marumo Gallants. Zala zidatsala pang'ono kutha. Mayi wogulitsa nthochi pambali pake sadachedwe kumuyankha. Adamufunsa maesiteti omwe iye mwini walondera chiyambire, agogowo n'kuyamba kukankha njere za bawo mwakachetechete.

Ine ndili kumbali ya mayiyo. Kuno n'kovuta kupeza mudzi wopanda mwana ku Joni, ndipo tonse tikudziwa kuti kumeneko ntchito ikatha pano umasaka pena. Kukhala zaka zoposa khumi mu ligi ya eni ake si zamasewera. Ali ku Wits adatenga nawo ligi mu 2017. Ali ku Pirates adamwetsa zigoli 16 mu 2019/20, n'kugawana ulemu wa womwetsa zigoli zambiri ndi Peter Shalulile wa ku Namibia. Ndipo chigoli cha Morocco chija, komanso ziwiri zomwe adapha nazo Zimbabwe, adamwetsa pa nthawi yomwe ku Pirates ankangotenthetsa benchi. Chimenechi ndicho chimandikhudza mtima.

A Maule akuti ndi mwana wawo, adamulera okha. A Manoma akuti mwana akakula amakhala wa mudzi wonse. Wina ku Bvumbwe wafika ponena kuti liwiro limenelo ndi la Chilhomwe, koma amukumbutsa kuti Gaba ndi wa ku Chiweta, ku Rumphi. Apo amayi a kufakitale alowererapo: nanga Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa, yemwe adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024, si a ku Rumphi komweko? Funso lomwe lazungulira malayini onse tsopano n'lakuti kodi ku Rumphi amadya chiyani chomwe ife sitidya.

Lamlungu madzulo ndidaima pabwalo la esiteti ina, lotsetsereka mbali imodzi, magolo a mitengo ya bulugamu. Kamnyamata kena kopanda nsapato kadayesa kuombera patali katatu konse, anzake akukakuwira kuti Gaba. Kachitatu mpira udalowa. Inu osaka osewera a ku Blantyre, Thyolo si kutali, bwerani Lamlungu mudzaone nokha.