Kupeza mendulo ya golide osawononga ndalama: malangizo kwa mabwana a mizinda ya ku Philippines

Bwana mfumu ya mzinda, kaya muli ku Manila kaya ku Davao, ngati mukufuna katswiri wa skateboard, thabwa la mateyala, musavutike kutsegula bajeti. Njira yotchipa ilipo, ndipo ku Cebu inabala kale zipatso.

Poyamba penipeni, musamange bwalo. Mwana wopatsidwa simenti yosalala amachita ulesi. Simenti yonse ipite ku basketball; dera lililonse, lomwe kwanuko mumati barangay, lili kale ndi bwalo lake, koma lachiwiri silinapwetekepo munthu. Ana a matabwawa asiyireni masitepe a mabanki, zitsulo zogwirira pamakomo a masitolo ndi misewu yomwe magalimoto onyamula anthu otchedwa jeepney amalimbirana.

Kenaka limbitsani alonda. Mlonda ndiye kochi weniweni wa timu ya dziko, ndipo safuna alawansi. Mwana akadziwa kuti wezulo ilira nthawi ina iliyonse, amaphunzira kutembenuza thabwa m'malere ndi kuteranso pomwepo ulendo woyamba, chifukwa wachiwiri kulibe. Paja ku Olimpiki wosewera amapatsidwa masekondi 45 okha pa ulendo uliwonse kuti aonetse luso lake. Mlonda wakhama amapereka ochepera pamenepo.

Ngati mukukayika, taonani Margielyn Didal. Anabadwira ku Cebu mu 1999, bambo ake kalipentala, mayi ake ogulitsa kwek-kwek mumsewu, timazira ta zinziri toviika mu ufa wa mtundu wa lalanje n'kukazinga. Mwini wake wanenapo poyera kuti apolisi ndi alonda ankamuthamangitsa. Zotsatira zake? Mu 2018, pa masewera a Asian Games ku Palembang m'dziko la Indonesia, anatenga golide, mmodzi mwa mamendulo anayi okha a golide omwe dziko lonse linabwera nawo. Chaka chotsatira pa SEA Games ku Tagaytay anatenga awiri. Alonda aja mpaka lero sanathokozedwe, zomwe ine ndimaona kuti n'kupanda chilungamo.

Zida musagule. N'zoona kuti thabwa limathyoka, ndipo pamwamba pake pamakhala pokhakhala mwa sandipepa moti nsapato imabooka chala chaching'ono chikuonera. Koma anawa anapeza kale njira. Wamkulu, yemwe amamutchula kuti kuya, amasiyira wamng'ono thabwa lake lakale. Wina amapereka mateyala, wina mabawuti, ndipo thabwa limodzi limazungulira ana asanu madzulo onse popanda ndewu. Didal yemwe anayambira pa matabwa obwereka. Umodzi wokongola chonchi mukufuna kuusokoneza ndi thandizo la boma?

Pa 21 June, tsiku lomwe osewera skateboard amakondwerera padziko lonse, achinyamata amadzaza misewu ya Manila. Dandaulani mokweza kuti akuchedwetsa magalimoto. Nenani mosaseka, ngati kuti masiku ena onse pamsewu wa EDSA pamayendeka.

Tsono mendulo ikangobwera, sinthani nkhope msangamsanga. Thamangirani ku bwalo la ndege ndi chinsalu chachikulu cha mafuno abwino, ndipo onetsetsani kuti chithunzi chanu chakula kuposa cha mwini mendulo. Mutchuleni kuti mwana wathu. Lonjezani bwalo lamakono, poti kulonjeza sikudya simenti. Atolankhani akadzafunsa chaka chamawa, anamondwe alipo ambiri chaka chilichonse. Sankhanipo mmodzi womunamizira.

Wina akadzati anawa akuvutika, muonetseni kanema wa Olimpiki ya ku Tokyo wa mu 2021. Didal anafika mu ndime yomaliza, anagwa, anadzuka akumwetulira chala chachikulu chili m'mwamba, n'kumakumbatira anzake omwe ankamugonjetsa. Anathera pa nambala 7 ndipo dziko lonse lapansi linamukonda. Umboni ndi umenewo: munthu wogwa pa konkire n'kumaseka sasowa kanthu.

Chomwe ndikupempheni n'chimodzi, bwana. Uzani alonda anu kuti asanathamangitse mwana aliyense azimufunsa kaye dzina ndi kulilemba bwinobwino m'kope, kuti tsiku lopanga chinsalu chija musadzalakwitse kalembedwe kake.